Nambala Yokana Penti

Mukakwera minibasi ya ku Limbe n'kumawerenga zolembedwa m'makoma, dziwani kuti zambiri mwa izo ndi dzanja la a Ignatius Zuze. Tambala uja ali pa shopu ya zakudya za nkhuku, wooneka ngati wina wamunyoza, ndi wawo. Mitu ya anthu ometa bwino pa mabalabashopu a ku Chinyonga, yonse yofanana mphuno, ndi yawonso, ndipo mphunoyo ndi ya mlamu wawo, ngakhale mlamuyo amakana mpaka lero. Anabwera m'tauni muno kuchokera kwa Tengani ku Nsanje ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sukulu atalekezera Sitandade 8. Anayamba ndi kulemba mayina kumbuyo kwa mabasi, kenaka mashopu, kenaka matchalitchi atsopano aja amene amasintha dzina chaka chilichonse. Anakwatira Felicia, nachita lendi ku Chimwankhunda, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Ellen.

Dzanja lawo silisowa. 7 wawo amamudula pakati ndi kamzere, ndipo 1 wawo amakhala ndi kachipewa pamwamba ndi kaphazi pansi, monga anawaphunzitsira abulazala ena ku mishoni. Anzawo a ntchitoyi amawaseka kuti amaveka manambala suti.

Koma ntchito imene ankainyadira kuposa zonse inali ya pa sekondale ina ya boma kumtunda kwa Limbe. Khoma lalitali la holo ya sukuluyo limayang'ana kumsewu, ndipo pamenepo pali mabokosi a chaka ndi chaka: anyamata angati ndi atsikana angati alembetsa mayeso a Fomu 4, angati akhoza, ndiye peresenti yake. Ankapitako kawiri pa chaka, koyamba kukalemba olembetsa, kachiwiri kukalemba okhoza. Zaka zisanu ndi zitatu zotsatizana analemba 100 pa 100, ndipo makolo odutsa pa minibasi ankaloza khomalo kwinaku akutsina ana awo. Ellen atasankhidwira ku sukulu yomweyo, a Zuze anavina pakhonde atavala ovolosi, mpaka alandilodi anatuluka kudzaona ngati kwagwa chinthu. Kuyambira tsiku limenelo, mtima wawo unali pa chinthu chimodzi chokha, chakuti Ellen adzalembe mayeso amene iwo sanawaone n'komwe, ndipo amuwerengere m'bokosi la atsikana ndi bulashi yawo.

Tsono 100 ameneyu sankabwera yekha. Pa sukulupo panali mwambo umene aphunzitsi ankautchula motsitsa mawu kuti kupeta. Ana a Fomu 4 akalemba mayeso oyeserera, ahedi, a Chrispine Namaona, ankakhala ndi ndandanda ndi cholembera chofiira. Mwana wooneka kuti angagwetse sukulu ankamuitanira makolo n'kuwalangiza mwaulemu, ndi tiyi yemwe, kuti mwanayo akalembe payekha ngati wapadera, kapena apume kaye chaka. Opetedwa sanali ana a anthu a m'maofesi, amene amafika pa galimoto ndipo madzulo ali ndi mphunzitsi wa kunyumba. Anali aja ofika belu litalira, nsapato zili mbuu, makamaka atsikana, makamakanso ana a anthu a kwathu kumunsi ku Nsanje amene amalonda mashopu ndi kuchapa zovala za eni. A Zuze ankamva mphekesera zake, koma ankati ntchito yawo ndi kulemba zimene zili papepala.

Chakumapeto kwa 2022, pa mzere wa olemba mayeso a 2023, analemba m'bokosi la atsikana 41, ndi penti yakuda ya mafuta. Patangopita masiku atatu ahedi anawaitanitsa.

"A Zuze, pachitika kakulakwitsa pang'ono. Atsikana ndi 40. Mukonzepo lero lomwe."

Pansi pa khomalo ndi potsetsereka, polowera kungalande, ndipo makwerero saima bwino. A Zuze akulimbana nawo, kunabwera mtsikana wa yunifolomu, wamtali, chikwama chili kumsana nthawi ya kalasi, nagwira makwererowo osapemphedwa. Atamufunsa dzina anati ndi Ndaziona. Mawu ake ankamveka Chisena, ndiye a Zuze anamulonjera m'chilankhulo cha kwawo, iye n'kumwetulira. Anayang'ana iwo akupaka choyera pamwamba pa 1 uja.

"Bambo, ameneyo mukumufufutayo mukumudziwa?"

"Ndi nambala chabe, mwanawe. Alakwitsa kuwerenga."

"Sanalakwitse," anatero mtsikanayo. "Ndine."

A Zuze anaima, bulashi ili m'mwamba. Akanatsika. Koma dzuwa linali litapendeka, kunali shopu ina ikudikira ku Limbe, ndiye anangoti pepa, namalizitsa. Mtsikanayo anagwirabe makwerero mpaka 0 atatha kulembedwa, chifukwa anali mwana woleredwa bwino. Pofulumirapo a Zuze anachita chinthu chimene mmisiri aliyense amadziwa kuti sachita. Sanapale nambala yakaleyo, anangoikwirira ndi penti yamadzi.

Makolo a Ndaziona ankakhala ku Chinyonga. Sukulu itamukana, anamutumiza kwa azakhali ake ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, kuti azikathandiza kulera makanda podikira chaka china. M'mwezi wa Malichi, mvula ya namondwe Freddy inagwa masiku osaleka, ndipo phiri linatsika ndi miyala yake. Kuchokera ku Chimwankhunda ndi pafupi, choncho a Zuze anapita ndi khasu pamodzi ndi amuna ena kukakumba m'matope. Tsiku lachitatu, masana, anaona mayi wina atakhala pa mwala, atafukata juzi ya sukulu imene iwo ankaidziwa bwino mtundu wake. Anthu anati ndi a Vailet a ku Chinyonga, akufuna mwana wawo Ndaziona. A Zuze anakumba pamenepo mpaka matuza a m'manja anaphulika. Azakhali aja anapezeka, makanda anapezeka, koma Ndaziona sanapezeke mpaka lero.

Sukulu zitatsegulidwa, ahedi anaimba foni kuti khoma lawonongeka ndi mvula. A Zuze atafika anapeza kuti pakati pa 0 uja paima 1, ndi kachipewa kake ndi kaphazi kake, wotuwa ngati chithunzi cha munthu kuseri kwa katani. Sanachite mantha. Anadziwa kuti ndi ulesi wawo womwe, poti penti yamafuta imaboola yamadzi khoma likanyowa. Anapala bwinobwino, napaka kawiri, nalembanso 40. Patatha mwezi 1 anabwerera. Anapita kwa a Nizam, amene amagulitsa penti ku Limbe ndipo amadziwa matenda onse a makoma, nawafotokozera.

"Chinyontho chimenecho, achimwene. Gumulani pulasitala yense mpaka njerwa ioneke, muike simenti yatsopano. Ikabweranso mudzandimete ndevu."

Anagumula mpaka njerwa. Anaika simenti yatsopano, nadikira kuti iume, napaka. Imeneyo inali Ogasiti, fumbi lili koboo, udzu wa pabwalo utauma. Pa sabata yachitatu 1 anatulukanso, pa simenti imene sinaonepo nambala imeneyo, ndipo malo akewo anali onyowa. A Zuze anagwirapo ndi chala n'kununkhiza. Linali fungo la dothi la ku Chilobwe, limene linawakakamira m'zikhadabo sabata zingapo atamaliza kukumba. Kwa a Nizam sanabwerereko ndi nkhaniyo.

Kuchokera pamenepo anangokhala ngati munthu wometa tsitsi. Mwezi uliwonse ankadutsa pa sukulupo ndi kachitini, n'kukwirira 1, n'kumapita osayang'ana m'mbuyo. Alonda a masana anasamutsa mpando wawo kuchoka mumthunzi wa khomalo n'kukakhala padzuwa. Ana anasiya kudyera pamenepo. Ahedi okha ndi amene ankati zonsezi ndi umisiri wa masiku ano, ndipo ankanena zimenezi ali pazenera, osafika pafupi. A Vailet anayamba kugulitsa nthochi tsidya la msewu, moyang'anizana ndi khomalo, pamalo pamene palibe siteji ndipo ogula sadutsa. A Zuze akamapaka ankamva maso a mayiyo pamsana pawo. Manyazi ankawagwira kwambiri, moti sanawapatsepo moni ngakhale kamodzi.

Ellen naye anafika Fomu 4. Sanali mbuli, koma sanalinso wa m'gulu la oitanidwa kutsogolo. Ankadzuka kukatunga madzi mipopi isanaume, n'kuyamba ulendo wa kusukulu, theka pa minibasi, theka wapansi, ndipo phunziro loyamba, limene nthawi zambiri linali masamu, ankangolipeza mchira. Atate ake ankamuuza kuti alimbike, iye n'kumati akulimbika, ndipo onse awiri ankanena zoona.

Lachiwiri lina chakumapeto kwa 2024, ahedi anapereka kapepala ka chaka chatsopano: anyamata 52, atsikana 36. Anati khoma likhale litatha pofika Lachinayi m'mawa, chifukwa kukubwera mayi woyendera masukulu, ndipo mayina a olembetsa apita Lachisanu. A Zuze anajambula mzere watsopano pansi pa mizere yakale, napaka mabokosi ake choyera kuti agone akuuma. Atafika kunyumba anapeza Felicia atakhala pa mpando, zovala zili m'beseni osachapa, kalata yonyowa ili m'manja.

"Bambo a Ellen, taonani zimene ndapeza m'thumba la siketi."

Inali kalata yoitana kholo. Ellen anali ataibisa masiku anayi. Atamuitana anaima pakhomo la kuchipinda, maso ali pansi.

"M'kalasi mwanu atsikana mulimo angati?" anafunsa a Zuze, ngakhale mtima unali utadziwa kale.

"37, adadi."

"Nanga apeta angati?"

"Ine ndekha." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Musadandaule. Amalume a ku Bangwe aja amafuna munthu wowathandiza ana, ndingakakhale kumeneko mpaka chaka chamawa."

Felicia anati mwina ndi bwino choncho. A Zuze anakuwa "Ayi!" mokweza mpaka galu wa alandilodi anauwa. Mayi ndi mwana anayang'anizana modabwa, chifukwa za Ndaziona sanawauzepo.

Lachitatu m'mawa anavala jekete ya kutchalitchi pamwamba pa ovolosi n'kukagogoda ku ofesi. Anachonderera. Anakumbutsa ahedi zaka zonse zimene akwera makwerero pa sukulupo, nati mwanayo amupatse mpata, akalephera alephere ndi dzanja lake. Ahedi anawathirira tiyi.

"A Zuze, inu ndi ine ndife anthu akale. Dzina la sukulu ino ndi limene limathandiza ana onse, kuphatikizapo wanu. Ndikachita kwa inu, mawa kubwera makolo khumi. Mwana wanu sitikumutaya, tikungomuika pambali pang'ono."

"Wina uja munamuikanso pambali, bwana."

Supuni inaleka kuzungulira m'kapu. "Mvula sindigwetsa ndine. Kamalizeni khoma."

Anatuluka n'kulunjika ku khoma. Nthawi inali itangokwana teni, dzuwa likuswa mtengo, mvula itadula sabata ziwiri. M'makalasi munkamveka mawu a aphunzitsi. Anaimika makwerero, nakwera, nalemba 52 wa anyamata. Atatembenukira ku bokosi la atsikana, bulashi inawagwa m'manja. M'bokosi loyera lija, limene anapaka okha dzulo lake, pa khoma pamene sipanalembedwepo kanthu chimangireni holoyo, munali kale nambala. Inali yotuwa, yonyowa, madzi ake akutsetsereka pang'onopang'ono. Inali 37, ndipo 7 wake anali wodulidwa pakati ndi kamzere.

Anagwira khoma kuti asagwe. Zaka ziwiri zonsezi ankadziuza kuti khomalo limalirira wakufa. Tsopano linali litayamba kunyowera mwana wawo ali moyo, atakhala kunyumba akusenda mbatata. Mantha amene anawagwira sanali a mzukwa ayi. Anali mantha a kholo limene laona kumene njira ya mwana wake ikulowera. Anayang'ana kapepala ka ahedi, nayang'ana tsidya la msewu, kumene a Vailet anali ataimirira kuseri kwa nthochi zawo, dzanja lili pamphumi kutchinga dzuwa.

Anatsika, natola bulashi, naitsuka. M'chikwama munali kachitsulo kosongoka kogumulira pulasitala. Anakweranso n'kuyamba kugoba khomalo motsatira nambala yonyowayo, mozama, kuti ngakhale wina apake kakhumi chipsera chake chizionekabe. Atatha anathiramo penti yakuda ya mafuta. Kenaka anasendeza makwerero n'kukwera mpaka pa mzere wa 2023. Pamenepo ndi pamwamba ndithu, ndipo makwerero amenewo, pamalo otsetsereka amenewo, sanaimepo osagwedera. Tsikulo anaima nji, monga amaimira wina akawagwira ndi manja awiri. A Zuze anamva kulemera kwa munthu pansipo, ndipo fungo la dothi lonyowa linakwera mpaka pamene anali. Sanayang'ane pansi. Anapala 0, nagoba 1, namuveka kachipewa kake ndi kaphazi kake.

"Pepa, mwanawe," anatero m'chilankhulo cha kwawo. "Ndinamva tsiku lija. Ndinangochita ngati sindinamve."

Atangochotsa bulashi, makwerero anagwedera monga mwa masiku onse, ndipo anatsika mochenjera. Pansi panalibe munthu. A Vailet anali atawoloka msewu, nthochi atazisiya zokha, ndipo anaima pa geti akuyang'ana m'mwamba, milomo ikuyenda.

Ahedi ataona, anatuluka thukuta la m'mphuno. Anauza alonda kuti apake, alonda anati msana ukuwawa. Anatuma mphunzitsi wina kukafuna wolemba zikwangwani ku Limbe, koma nkhani za khomalo zinali zitafika kale kumeneko, ndipo aliyense anapezeka kuti ali ndi maliro. Madzulo ahedi anatenga okha bulashi n'kupita. Amene anaona amati anafika masitepe atatu kuchokera pa khomalo, naima kanthawi akununkhiza mpweya, kenaka anabwerera ku ofesi akuyenda mwachangu kuposa mmene anapitira.

Lachinayi mayi woyendera masukulu uja anafika, najambula khomalo ndi foni monga amachitira alendo onse, kenaka anapempha ndandanda ya mayina. Anawerenga ndi chala, nabwereza.

"Kunjaku mwalemba 37, muno ndikupeza 36. Wina ali kuti?"

"Ndi makina, mayi," anatero ahedi. "Adumpha mzere posindikiza."

Dzina la Ellen Zuze linalowa lomaliza, lolembedwa ndi cholembera, ndipo Lachisanu linapita pamodzi ndi anzake. A Zuze anauzidwa kuti asadzapondenso pa sukulupo.

Ellen analemba mayeso ake. Zotsatira zitatuluka, anyamata onse anakhoza, atsikana anakhoza 36. Wotsalayo anali iye. Masamu anamugwetsa, ndipo maphunziro ena awiri anaperewera pang'ono. Analira masiku awiri osadya, akunena kuti ahedi ananena zoona, wachititsa manyazi sukulu ndi atate ake omwe. A Zuze nawo zinawapweteka, tisanamizane. Anali atalota mwana wa ku koleji. Koma ankati akadzuka m'mawa n'kumva mwanayo akukoka ndowa pakhonde, akudandaula za mpopi, mtima unkakhala pansi.

Bokosi la okhoza linakhala lopanda kanthu mwezi wathunthu, chifukwa mu Limbe monse munalibe wofuna kuligwira. Mapeto ake ahedi anatumiza kapepala kudzera kwa alonda, popanda moni. A Zuze anapita Loweruka m'mawa, ndipo Ellen, amene anali atayamba kubwereza Fomu 4 pa sukulu ina ya kufupi ndi kwawo, anati awaperekeza. Ndi iye amene anagwira makwerero. Anaona atate ake akulemba 36, kenaka 97, peresenti ya atsikana, pamalo pamene zaka zonse pankakhala 100.

"Mulembe bwino, adadi," anatero Ellen. "Mmodzi wosowa pamenepoyo ndine."

"Sukusowa," anayankha a Zuze, nagogoda 37 ndi mpini wa bulashi. "Uli umu. Amene akufuna akuwerenge."

Anagwira bokosilo ndi chikhato, ndipo linali louma gwa, lotentha ndi dzuwa. La 41 nalo linali louma, ndipo alonda anati chiumireni tsiku lija. Tsidya la msewu panalibenso nthochi. Anthu anati a Vailet anabwerera ku Nsanje atavomera kuti mpingo uchite mapemphero a mwana wawo.

A Zuze anayamba kutsika, koma Ellen sanasiye makwerero. Maso ake anali m'mwamba.

"Adadi, nanga umo?"

Anakweza mutu. Mizere yakale ija, 2016, 2017, 2019, imene iwo sanakonzepo ngakhale kamodzi, imene analemba ndendende monga mapepala ananenera, inali itayamba thukuta. M'bokosi lililonse la atsikana, ndi ena a anyamata, kuseri kwa penti yakuda munali kutuluka nambala ina yotuwa, yokulirapo. Pena kusiyana kwake kunali atatu, pena asanu ndi mmodzi. Manambala onsewo anali a dzanja lawo, ma 1 ali ndi zipewa ndi mapazi awo.

Pazenera la ofesi katani inagwedezeka n'kutsekeka. A Zuze anasuzumira m'chitini, naona kuti penti ilimo yokwanira mizere iwiri, mwina itatu. Anatulutsa kachitsulo kaja m'thumba.

"Gwira zolimba, mwanangu," anatero, nayamba kukwera.